Funso: Tipemphere bwanji pa tsoka la dziko pamene mpingo wagawikana pa ndale?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka abusa ndi akulu a mpingo amene muli pa gulu lino, ndikupempha nzeru zanu. Ndine mkulu wa mpingo wina wopemphera m'Chichewa kuno ku Harare, kumene ambiri ndife ana ndi zidzukulu za anthu amene adachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Bwalo la akulu landipatsa udindo wokonza mapemphero okumbukira abale athu amene adatisiya chifukwa cha kolera.

Kolera si mlendo mumzinda muno. Mliri wa 2008 mpaka 2009 udapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe monse, mu 2018 udabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, ndipo chakumapeto kwa 2023 udavuta kwambiri ku Kuwadzana. Gwero lake tonse timalidziwa: mipopi imakhala youma masiku ambiri, mapaipi a zonyansa adakalamba ndipo amaphulika, choncho anthu amatunga madzi m'zitsime zosaya zokumba pakhomo, momwe zonyansazo zimalowa mvula ikagwa. Koma wina akangofunsa kuti wolakwa ndani, mpingo umang'ambika pakati. Ena amaloza khonsolo ya mzinda, imene yakhala m'manja mwa otsutsa boma kwa zaka zambiri. Ena amaloza boma, poti ndilo limagwira chuma cha dziko, ndipo amakumbutsa kuti mu 2008 madzi a Harare ankayendetsedwa ndi bungwe la boma la ZINWA. Mkangano wotere ndidaumva pamaliro penipeni, amayi akuimba m'nyumba ya siwa, abambo ali pamoto panja akulozana zala, bambo wofedwa atangozyolika pa mpando wake popanda womuyankhula.

Komanso ife tili ndi ndale ziwiri, za kuno ku Zimbabwe ndi za ku Malawi. Ndege itagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024 n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa Malawi, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8, gulu lathu la WhatsApp lidadzaza ndi mphekesera ndi kunyozana tisanapempherere n'komwe mabanja ofedwa.

Akulu anzanga ena akuti tingowerenga Masalimo, tiimbe, titseke, osatchula madzi kapena olamulira. Mantha awo ndikuwamvetsa, chifukwa makolo athu adakhala zaka zambiri ndi ziphaso zolembedwa kuti ndi alendo, ndipo ngakhale malamulo a dziko a 2013 adatsegula njira ya unzika kwa obadwira kuno, ambiri adazolowera kuti mlendo salowerera milandu ya eni mudzi. Komabe mtima wanga ukukana. Pa Luka 13, Ambuye atauzidwa za Agalileya amene Pilato adawapha, adatchulanso anthu 18 amene nsanja ya Siloamu idawagwera, nakana kuti iwowo adali ochimwa kuposa ena, koma adaitana onse omvera kuti alape. Ndikaganizira zimenezi ndimaona kuti pemphero lobisa chimene chidapha mwana wa munthu silingatonthoze kholo lake, pamene kholoyo likumwabe madzi a chitsime chomwe chija. Ndimakumbukiranso kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi a ku Malawi pa 8 March 1992, yomwe idatsegula njira yopita ku referendamu ya 1993. Koma sindiiwala kuti maepiskopi a kuno atalemba yawo mu August 2020, nduna ina idanyoza poyera Arkiepiskopi Robert Ndlovu, ndipo ife ndife kampingo kakang'ono kopanda otiteteza.

Tsono ndithandizeni: kodi n'zotheka kutchula kusowa kwa madzi abwino m'pemphero la poyera popanda kuoneka ngati ndikukopera anthu chipani? Nanga m'bale akaimirira n'kuyamba kudzudzula chipani china pakati pa mapemphero, ndimuletse pomwepo kapena ndimusiye atulutse zakukhosi?

Yankho la abusa ena a ku Lilongwe: Akulu a mpingo, tchulani chinthucho koma musatchule chipani. Mukanena kuti ana athu akufa ndi madzi oipa mwanena zoona zimene wa chipani chilichonse sangatsutse. Pa 1 Timoteo 2 talamulidwa kupempherera onse aulamuliro, choncho pemphererani a khonsolo ndi a boma m'pemphero limodzi kuti Mulungu awapatse mantha pa moyo wa anthu. Za woimirira uja, konzani ndondomeko msanga, olankhula adziwike mapemphero asanayambe, ndipo mucheze nawo mmodzimmodzi.

Yankho la mayi wina wa ku Mufakose: Bambo, ine ndine namwino, ndipo ndikupemphani kuti musanalembe ndondomekoyo mukaone kaye mabanja ofedwawo kunyumba kwawo. Pa mliri wa kolera maliro amaikidwa mofulumira, achipatala amaletsa kusambitsa mtembo ndi kuphikira anthu ambiri, motero ambiri mwa iwo sadalire mokwanira monga mwa mwambo wathu. Ena adzafuna kuti dzina la womwalira litchulidwe, ena adzakana chifukwa cha manyazi amene matendawa amabweretsa. Ndipo chopereka cha tsikulo chigule mankhwala othira m'madzi ndi ndowa zovindikira, amayi a mpingo aphunzitsenso kukonza madzi a shuga ndi mchere: lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni ya mchere.

Wofunsa: Zikomo kwambiri abusa, zikomonso mayi. Mabanjawo ndiwayendera pamodzi ndi amayi awiri a mpingo sabata ino. Chimene chikundivutabe ndi ichi: banja lina landiuza kale kuti likufuna mpingo ulembere kalata khansala wa dera lathu ndi unduna wa zaumoyo. Kodi kalata yotere ilembedwe m'dzina la mpingo, kapena aliyense wofuna asaine yekha ngati nzika? Amene mudachitapo zimenezi m'mipingo yanu, ndiuzeni momwe zidayendera.