Msilikali akagwidwa kunkhondo, lamulo limamuteteza bwanji?

Mayi wa pa Lizulu:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mlongo wanga ndi msilikali, ndipo chimwalirireni asilikali athu ku DRC mu Januwale 2025, amayi sagona tulo akangomva zoti anyamata atumizidwa kunja. Dzulo ndikugulitsa kachewere pamsika, mnzanga anandionetsa kanema pa WhatsApp: asilikali ogwidwa ku Ukraine atawagwaditsa, akuwapanikiza ndi mafunso. Kodi wogwidwa chonchi ali ndi lamulo lomuteteza, kapena zimangotengera mtima wa womugwirayo?

Msilikali wopuma, Dedza:
Mayi, lamulo lilipo. Ndi pangano lachitatu la Geneva la 1949, ndipo Malawi analowamo mu 1968. Ukagwidwa umanena zinayi basi: dzina, udindo, tsiku lobadwa ndi nambala yako ya usilikali. Za komwe kuli anzako ukhoza kutseka pakamwa, ndipo saloledwa kukumenya kapena kukugoneka ndi njala kuti uulule. Ukafika kumsasa, sabata isanathe akupatse khadi lolembera abale ndi a Red Cross kuti uli moyo. A Red Cross ali ndi ufulu wodzakuona n'kucheza nawe popanda mlonda kutchera khutu. Nkhondo ikatha akumasule mosazengereza, poti kumenya nkhondo motsata malamulo si mlandu.

Kanemayonso ndi wolakwika. Ndime 13 ya pangano lija imaletsa kunyoza wogwidwa kapena kumuika poyera kuti anthu azimuonerera. Ndiye inu musamutumizenso kwa ena. Mwanayo ali ndi amake ngati anuwo.

Mphunzitsi, Ntcheu boma:
Bambo anena zoona, koma pali kampata. Zonsezo zimagwira ntchito dziko likamamenyana ndi dziko linzake. Ikakhala nkhondo ya boma ndi gulu la zigawenga, imene imatsala kwenikweni ndi ndime 3, yopezeka m'mapangano onse anayi a Geneva: osapha wogwidwa, osamuzunza, osamusunga ngati chikole, osamuweruza popanda khoti loyenera. Khadi lija ndi kumasulidwa kuja mulibe m'ndime imeneyi.

Mdala wa ku Tsangano:
Aphunzitsi, ife nkhondo ya ku Mozambique ya Renamo ndi Frelimo tinaionera pafupi, kungodumpha msewu. Anthu ankafika kuno usiku, mwana kumbuyo, poto pamutu, ena atadulidwa makutu. Mpaka anasainirana mtendere ku Rome mu 1992, ndime 3 yanuyo kutchire kuja ankaiwerenga ndani?

Msilikali wopuma, Dedza:
Mdala, sindikutsutsani. Komabe lero wopha kapena kuzunza wogwidwa akhoza kukayankha mlandu ku khoti la padziko lonse la ICC ku The Hague, ngakhale akhale mtsogoleri wa zigawenga, ndipo ena a ku DRC komweko anamangidwa kale kumeneko pa milandu ya nkhondo. Mayi, muwauze achimwene kuti chiphaso chawo cha usilikali chisamachoke m'thumba. Womugwira msilikali akhoza kuchiona, koma saloledwa kumulanda.