Pie ya Lamlungu ikumira pakati, ndipo agogo awaika pa Level 5: thandizani

Nabanda, live-in, Shropshire

Moni nonse a m'gulu muno. Ndikusamalira agogo aakazi a zaka 88, ndipo ndimakhala nawo m'nyumba mwawo (live-in). Lamlungu lililonse mwana wawo amabwera ndi mkazi wake ndi ana awiri, ndipo chakudya chomwe amapempha sichisintha: shepherd's pie, poti ndi yomwe mayi ake ankamuphikira ali mwana. Kukoma imakoma ndithu, koma ndikaitulutsa mu uvuni mbatatesi zimakhala zitamira pakati, msuzi wasefukira m'mbali n'kupserera pansi, ndipo ndikadula zonse zimangoyenderera. Mpongozi wawo sadandaula, amangosiya mpeni n'kutenga chipande.

Ndimagwiritsa minsi ya ng'ombe 750g ya mafuta 20%, anyezi, karoti, nsawawa za mufiriza, ma Oxo awiri (timibulu tokometsera msuzi) m'madzi 600ml, n'kuwiritsa mphindi 20. Mbatatesi ndimagula zomwe ndapeza, ndimaphwanya ndi mkaka ndi batala, ndimaika pamwamba pomwepo, basi mu uvuni. Vuto lachiwiri ndi lakuti a speech and language therapist, omwe amaona za vuto la kumeza, anabwera n'kulemba kuti agogo azidya za Level 5, zakudya zodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, zofewa ndi zonyowa. Pie yomweyi angadye nawo?

Bambo Phiri, shefu wa care home, Glasgow

Achemwali, tiyambire pansi. Madzi 600ml pa nyama 750g achuluka, mphindi 20 sizingawaphwetse, ndipo ufa simunautchule n'komwe. Nyama muzikazinga m'magawo awiri kapena atatu pa moto waukulu mpaka ifiirire. Mukaithira yonse kamodzi chiwaya chimazizira, nyama imatulutsa madzi ake n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika. Mafuta otuluka mu minsi ya 20% khuthulani, musiye supuni imodzi yokazingira anyezi, karoti ndi celery. Zikafewa bwezerani nyama, thirani tomato puree masupuni 2 ndi fulawa masupuni 2, takasani mphindi ziwiri kuti fungo la ufa wosapsa lichoke, kenako stock 450ml. Moto wochepa mphindi 40 kapena 45, chakumapeto musavundikire. Poyesa dutsitsani mthiko pakati pa poto. Mpata ukatsekeka nthawi yomweyo, sizinafike.

Ndiye chomwe chikumiza mbatatesi zanu ndi ichi: mukuziika pa msuzi wotentha. Nyama ithireni m'mbale yophikira, isiyeni izizire. Ikazizira ufa ndi mafuta zimagwirana, pamwamba pamalimba moti mbatatesi zimakhala ndi pokhazikika.

Nangozo, domiciliary, Luton

Zoona a Phiri, koma "mbatatesi zomwe ndapeza" zija ndi theka la mlandu. Gulani Maris Piper kapena King Edward, dzina limalembedwa pa thumba. Charlotte ndi tating'onoting'ono ta new potatoes ndi ta saladi, tikaphwanyidwa timanyotcholoka. Pa nyama 750g mutenge 1.2kg. Dulani zidutswa zazikulu zofanana, yambani ndi madzi ozizira a mchere. Zikapsa tsanulani madzi onse, muzibwezere mu poto pa moto wochepa mphindi ziwiri nthunzi ituluke. Batala ayambe kulowa, mkaka wotentha ubwere pambuyo, pang'onopang'ono, ndipo wochepa kuposa wa mash wodyera soseji. Zikhale ngati nsima yofewa, osati phala. Blender musayerekeze, imazisandutsa ulimbo.

Poika yambirani m'mphepete mwa mbale, supuni ndi supuni, kutseka m'mbali monse, pakati pomalizira. Kenako kandani ndi foloko kuti timizere tija tifiire.

Achimwene a ku Reading

Ine za fulawa ndi mphindi 45 ndilibe nazo nthawi. Bisto (ufa wa gravy wa m'sitolo) masupuni atatu, yalimba pomwepo, aliyense wakhuta. Pa live-in belu likulira, wina akufuna kuchimbudzi, mankhwala a masana akudikira, ungaime pa poto mpaka liti?

Bambo Phiri

Bisto imalimbitsa, sindikukana. Koma imalimbitsa msuzi wokha, nyama imakhalabe yolimba ngati yawira mphindi 20. Komanso ma Oxo awiri kuphatikiza Bisto, mcherewo ndi wambiri kwa munthu wa zaka 88. Mukafuna njira yanuyo chotsani Oxo mmodzi, ndipo mchere wina musathirenso. Mphindi 45 zija simuima pa poto ayi, moto wochepa umadzigwirira wokha ntchito, inu mumangosuzumira.

Achimwene a ku Reading

Chabwino shefu, koma kukhitchini kwanu muli anthu angati? Ife timakhala tokha.

Mayi a Tadala, Randburg

Kuno ku Joni cottage pie ndimaphikira banja lomwe ndimagwirako, ndipo yawo sikhala yopanda supuni ya Mrs Ball's chutney mu nyama. Kumeneko mwina sangaikonde, mufunse kaye. Chomwe ndingawonjezere ndi yolk ya dzira limodzi mu mbatatesi zikatsika kutentha pang'ono. Zimagwirana bwino, pamwamba pamafiira mokongola, ukadula chidutswa chimaima chokha. Ikatuluka mu uvuni musathamangire kudula, ipume mphindi 10 kapena 15. Ndipo pansi pake muziika thireyi, ntchito yokwecha uvuni ndi yanu yomwe.

Nangozo

Funso lina a Nabanda: mwanayo akuti shepherd's pie, inu mukugula ng'ombe. Kuno ku UK ambiri akati shepherd's amatanthauza ya nkhosa, ya ng'ombe ndi cottage pie, ngakhale m'nyumba zambiri amangosakaniza mayinawo. Mufunseni kuti mayi ake ankaphika ya nyama yanji. Anthu a msinkhu wa agogowo anakula nyama ikugulidwa mwa muyezo wa boma, zomwe zinatha mu 1954, ndipo ambiri pie imeneyi ankaipanga Lolemba pogaya nyama yowotcha yotsala Lamlungu. Ngati ndi nkhosa, minsi yake imakhala ya mafuta ambiri, kukhuthula kuja n'kofunika kwambiri. Mufunsenso za allergy ya ana musanathire Worcestershire sauce. Ya Lea & Perrins ili ndi nsomba za anchovy, anthu ambiri sadziwa.

Naphiri, namwino, Leicester

Ndabwera mochedwa, ndinali pa night. Malangizo onsewa ndi abwino pa pie ya banja, koma achemwali mumvetse: chilichonse chomwe anzathu akuuzani kuti pie ioneke bwino chikuipangitsa kukhala yosayenera kwa agogo. Mbatatesi zolimba ndi zouma, pamwamba pokhwimitsa ndi foloko, tchizi wotamuka, zonsezo pa Level 5 ndi zoletsedwa.

IDDSI ndi ndondomeko ya milingo ya zakudya ndi zakumwa za anthu ovutika kumeza, yomwe kuno ku UK inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2019, ndipo Level 5 yake imatchedwa minced and moist. Kwa munthu wamkulu kachidutswa kasapose 4mm m'lifupi, womwe ndi mpata wa pakati pa mano a foloko wamba, ndipo m'litali kasapose 15mm. Chakudya chikhale chofewa, chonyowa, chophwanyika mosavuta mukachikanikiza ndi foloko. Msuzi ukhale wolimba wogwirana ndi nyama, osati madzi oyenda paokha. Pie yanu yoyendererayo ndi yoopsa pa chifukwa chimenechi: madzi amathamangira kukhosi nyama idakali m'kamwa, munthu n'kutsamwa kapena chakudya kulowera ku mapapo. Chibayo cha okalamba ambiri chimayambira pamenepo.

Nsawawa chotsani kwa agogo, makoko ake sasungunuka. Chimanga chimodzimodzi. Celery ali ndi ulusi, ngati mukumugwiritsa mudule bwinobwino ndipo apse mpaka asowe, apo ayi musiyeni. Minsi ya m'sitolo musaganize kuti poti ndi yogayagaya ndiye kuti yakwana kale 4mm. Ikakazingika imaumbana timibulu tolimba. Apa ndili mbali ya a Phiri, osati ya a ku Reading: kwa agogo nyama iwire nthawi yaitali, ngakhale ola lathunthu.

Kachitidwe kake ndi aka. Nyama ikapsa, musanathire nsawawa, patulani gawo la agogo. Ligayeni pang'ono chabe mu blender, kudina n'kusiya, osafika posalala ngati Level 4, ndipo muyese ndi foloko. Mbatatesi zawonso patulani musanaike dzira, muwonjezere batala ndi mkaka wotentha mpaka zifewe. Tapani ndi supuni n'kuipendeketsa. Zikuyenera kugwa zokha mosavuta. Zikakakamira pa supuni, zikakakamiranso kukhosi. Ikani m'kambale kawokawo, nyama pansi mbatatesi pamwamba monga ya enawo, vundikirani ndi foil kuti pasakhale chikhokho. Patebulo adzaona kuti akudya chimodzimodzi ndi adzukulu awo, ndipo okalamba ambiri amadya bwino akaona choncho kusiyana ndi kuwapatsa mbale ya zinthu zosadziwika.

Muyesenso pa nthawi yopereka, chifukwa chakudya chikazizira chimalimba. Akhale tsonga podya. Akayamba kutsokomola, mawu kumveka onyowa, kapena chakudya kutsalira m'masaya, siyani, lembani mu notes, imbirani ku ofesi. Ndipo pepala lomwe a therapist anasiya ndi lomwe likulamulira, osati ife a m'gulu muno. Muwerenge ngati alembapo za zakumwa, poti msuzi suyenera kukhala wamadzimadzi kuposa level ya zakumwa zawo.

Nabanda

Zikomo kwambiri nonse, a Naphiri mwanditsegula maso. Pepala ndawerenga, zakumwa ali pa Level 2, zolimbitsidwa pang'ono. Mwana wawo ndamufunsa, akuti mayi ake ankaphika ya ng'ombe moyo wawo wonse, dzina lokha ndi lomwe linakhazikika m'banjamo. Allergy palibe. China chomwe sindinanene: nyumba ino ilibe uvuni wamba, ili ndi Aga, mbaula ya zitseko ziwiri, yopanda potembenuza madigiri. Ndimaika kumtunda. Komanso Lamlungu m'mawa ndimakhala ndi personal care (kusambitsa ndi kuveka agogo) mpaka cha m'ma 11, nthawi yoziziritsa nyama ndiipeza kuti?

Bambo Phiri

Aga! Bwenzi mutanena poyamba. Uvuni wakumtunda ndi wowotchera, umatentha kupitirira madigiri 200 omwe pie imafuna, n'chifukwa chake msuzi ukubwadamuka. Mu uvuni wamba tikanati 200, kapena 180 wa fan, gas 6, mphindi 25 mpaka 30. Mu Aga ikani shelefu pansi penipeni pa uvuni wakumtundawo. Pamwamba pakayamba kuda m'kati musanatenthe, lowetsani chitsulo chafulati chomwe amati cold plain shelf pamwamba pake, chimatchinga moto. Chizikhala panja kuti chilowe chili chozizira. Uvuni wakumunsi ndi wabwino pa nyama ija: ikawira pamwamba, vundikirani, ilowe mmenemo ola limodzi, izidzifewera yokha inu muli ndi agogo. Mukaitulutsa, ngati msuzi wachuluka, muuphwetse pa mbale ya moto mphindi zochepa.

Za nthawi, nyama phikani Loweruka madzulo. Ithireni m'mbale yotakata kuti izizire msanga, ilowe mufiriji pasanathe maola awiri, osaisiya pa khitchini usiku wonse, makamaka khitchini ya Aga yomwe imakhala yofunda nthawi zonse. Lamlungu n'kungophika mbatatesi. Poti ikuchokera mufiriji, ipatseni mphindi 40 kapena 45, ndipo mubaye pakati ndi probe, kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya. Ku England madigiri 75 ndi okwanira. Kuno ku Scotland chakudya chotenthetsanso lamulo limafuna 82. Ngati m'nyumbamo mulibe probe, pemphani a banja agule, ndi yotchipa.

Achimwene a ku Reading

Ya Loweruka ija ndiye ndagwirizana nayo. Yotsala ndimadyetsa client Lolemba ndi Lachiwiri, ntchito yachepa.

Naphiri

Achimwene, pamenepo ayi. Nyama yaphikidwa Loweruka, yatenthetsedwa Lamlungu, kutenthetsanso kwake kwatha pomwepo, poti malangizo a Food Standards Agency ndi akuti kamodzi kokha. Komanso zotsala zimayenera kudyedwa pasanathe maola 48, ndipo kuwerenga kumayamba Loweruka, osati Lamlungu. Yotsala ya banja atenge okha ngati akufuna, ndi nkhani yawo. Kwa client wofooka musapereke.

A Nabanda, ngati mukufuna kuti agogo adyenso m'kati mwa sabata, Loweruka lomwelo gawani nyama yawo yogaya m'timakontena tiwiri kapena titatu, lembani tsiku, tilowe mufiriza ikangozizira. Tsiku lodya musungunule mufiriji, mutenthetse mpaka nthunzi, mbatatesi muphike zatsopano. Nyama yochoka mufiriza imalekana ndi madzi ake, ndiye mutakase bwino, mulimbitsenso msuzi ngati wasungunuka, ndipo muyesenso ndi foloko ndi supuni musanapereke.

Nangozo

Ndipo mpongozi uja mumuuze Lamlungu lisanafike chifukwa chake agogo ali ndi kambale kawokawo. Ndaonapo kunyumba ina mdzukulu akutapa chikhokho chapamwamba m'mbale yake n'kupatsa agogo ake, ati ndi pomwe amapakonda. Carer anali kukhitchini akutenga madzi.

Nabanda

Ndimutumizira uthenga lero, ndi chithunzi cha pepala la a therapist kuti asaone ngati ndi maganizo anga. A Phiri, chitsulo chafulati chija ndachipeza kuseri kwa bini, ankaikirapo mbale za galu. Ndachikwecha. Nyama ndikugula Lachisanu, nditenge ya 12% kapena ndikhalebe pa 20%?

Bambo Phiri

Tengani ya 12%. Ya 5% imauma, kwa agogo siyabwino. Ndi ya 12% simukhuthula kanthu, ndipo gawo lawo lidzagayika lofewa.