Wishiboni yapindika pa famu: zokambirana m'gulu la Ana a ku Zomba

Lachiwiri madzulo

Yamikani (Letsitele): Mwaswera bwanji abale nonse. Ndili pa vuto, ndigawireni nzeru. Ka Polaris Ranger, kagalimoto kakang'ono ka pa famu pano, kamene ndimayendera poona mapaipi a madzi m'minda ya malalanje, lero kagunda chitsa chobisala mu udzu m'mbali mwa ngalande. Tayala lakutsogolo la kumanja lapendama, pansi palowa m'kati, pamwamba patulukira kunja, chiwongolero chikukokera mbali imodzi. Ndagona pansi kusuzumira, ndapeza chitsulo cham'munsi chija chokhala ngati chilembo A chapindika. Abwana abwera Lachisanu. Ndikachitenthetsa ndi gasi n'kuchimenya ndi hamala, sichingabwerere m'malo mwake?

Che Twaibu (Chinamwali): Iwe Yamikani, hamalayo uyiike pansi kaye. Chitsulocho ndi wishiboni, m'mabuku a magalimoto amalemba control arm kapena A-arm. Pa tigalimoto timeneti imakhala paipi chabe, m'kati mwake mulibe kanthu. Ikapindika ndiye kuti penapake yaphwatalala, ndipo ukaiika pamoto imafewerako. M'maso iwoneka yowongoka, koma idzakuthyokera tsiku lomwe wasenzetsa matumba a fetereza uku ukutsika chitunda. Jambula zithunzi: mbali yogundayo, mbali ya kumanzere yomwe ili bwino, ndi nambala ya VIN, yodziwira galimotoyo, yomwe ili pa chasisi.

Limbani (Grabouw): Koma bambo, kwathuko si mumawotcherera tsiku ndi tsiku? Tima Sienta topita ku Jali ndi ku Kachulu tikuyenda ndi mawishiboni owotcherera, anthu n'kumakafika kunyanja bwinobwino.

Che Twaibu (Chinamwali): Zoona Limbani, timawotcherera, sindikana. Timatero chifukwa sipeya ili ku Limbe, mwina osapezekanso, ndipo mwini galimoto ali ndi ana oti adye lero. Koma imva. Chaka china ndinawongola wishiboni ya pikiapu ya munthu wina wogula mpunga, n'kuiwotcherera bwino lomwe, ine ndemwe kukhutira nayo. Patapita masabata atatu anandiimbira ali pa msewu wa ku Chingale. Ndinakapeza tayala litagona pansi pa galimoto ngati mbuzi yomangidwa miyendo, matumba ali mbwee mumsewu, mnyamata wina yemwe anakwera pamwamba pa katundu atathyoka mkono. Chitsulo sichinaduke pomwe ndinawotcherera, chinaduka pambali pake penipeni, pomwe panapsa ndi moto mpaka kusanduka buluu. Chidutswacho ndinachikoloweka pa msomali m'galaja muno, anyamata anga amachiona tsiku lililonse. Kuyambira pamenepo, munthu akabwera ndi yopindika ndimamuuza kuti akasake yogwirapo kale koma yowongoka. Ndiye Yamikani ali ku Joni komwe sipeya imabwera ndi foni imodzi, awotchererenji?

Mayi a Tadala (Randburg): Achimwene a Yamikani, za zitsulo ine sindizidziwa, koma za mabwana ndazidziwa zaka 14 tsopano. Musadikire Lachisanu. Atumizireni chithunzi usiku uno, cha galimoto ndi cha chitsacho, mulembe nthawi ndi malo. Chimene chimachotsetsa anthu ntchito si kugunda, ndi kubisa. Akadzazindukira okha kuti munawongola mwamseri, chilichonse chodzaonongeka pa famupo chidzakhala cha inu. Ndipo akanena zodula malipiro musangosayina pepala musanaliwerenge. Lamulo la ntchito kuno sililola kungodula ndalama munthu asanavomere polemba, ndipo ku CCMA amamva madandaulo a antchito.

Yamikani (Letsitele): Zikomo mayi. Mtima unali phaphapha, ndimaopa. Ndatumiza tsopano lino.

Yamikani (Letsitele): Ayankha. Akuti chitsacho anachiona kalekale, anaiwala kutuma anthu kukachizula. Afunsa ngati ndingathe kusintha ndekha akagula sipeya, chifukwa kutengera galimoto kwa dila kudya masiku ndipo madzi sangadikire. Ndavomera, koma kunena zoona sindinamasulepo chinthu chotere.

Che Twaibu (Chinamwali): Uthe ndithu. Safunsa anadya phula, iwe wafunsa. Zithunzi ndaziona. Asanagule, tenga tepi uyeze mbali zonse ziwiri: wishiboni ya pamwamba, tayirodi (ndodo yolumikiza chiwongolero ndi tayala), ndi shafiti ya CV (yomwe imazungulitsa tayala). Nkhonya yomwe inapinda ya pansi nthawi zina imapindanso tayirodi pang'ono poti diso silingaone. Ukapeza kusiyana, zigulidwe limodzi. Poitanitsa apereke VIN, osangoti Ranger ayi, ma Ranger alipo a mitundu yambiri ndipo zitsulo zimasintha ndi chaka. Anene kuti ya pansi, yakutsogolo, ya kumanja, kumanja kwa munthu wokhala pa mpando. Afunsenso ngati ikubwera ndi mabushi (timapulasitiki ta pomwe wishiboni imagwira chasisi) ndi bolojointi (cholumikizira wishiboni ku mbali ya tayala), popeza zina zimabwera chitsulo chokhachokha. Bolojointi ya pamenepo ndi yokanikizira m'bowo, n'kutsekera ndi kamphete kachitsulo kotchedwa circlip, ndiye popanda puresi, makina okanikizira, uvutika nayo. Akapeza yoikiratu zonse, atenge imeneyo.

Lachisanu

Yamikani (Letsitele): Sipeya yafika, ili ndi bolojointi kale, mabushi ali m'kapepala pambali. Tayirodi ndinayeza, ili bwino. Mawa m'mawa ndiyamba.

Chikondi (Israel): Aise Yamikani, ndinali kumunda sindinaone msanga. Kuno tinafika kumapeto a 2023 ndipo tigalimoto totere ndi timene timanyamulira mabokosi, ndasinthapo kawiri. Chimene chinandipweteka ulendo woyamba ndi ichi: nditangochotsa bolojointi ya pansi, habu yonse, pomwe pamamangidwa tayala, inalendewera kunja, shafiti n'kusololoka m'kati. Ntchito ya maola awiri inasanduka ya tsiku lonse. Usanamasule, tenga waya umangirire habuyo ku chasisi kuti isasunthe. Ukatero watetezanso paipi ya mabuleki kuti isakokeke. Komanso jambula chilichonse usanachotse, makamaka mbali yomwe mitu ya mabawuti yayang'ana ndi momwe mawashala akhalira.

Che Twaibu (Chinamwali): Chikondi wanena zenizeni. Ine ndiwonjezere za moyo wako. Galimoto uiimike pa simenti, osati pa dothi la m'munda lomwe limathiriridwa. Giya pa P, miyala kapena matabwa kumatayala akumbuyo. Manati a tayala uwalekeze ali pansi, kenako jeke. Ukakweza, ika sitandi pansi pa chasisi, galimoto ikhale pa sitandiyo, jeke ingokhala yothandizira. Tayala lomwe wachotsalo ulilowetse pansi pa galimoto chogonetsa. Kagalimotoko kamaoneka kachibwana koma kulemera kwake kumapitirira theka la tani, chifuwa cha munthu sichingapirire. Njerwa ayi. Njerwa imasweka osachenjeza.

Pa chithunzi chako ndaona kuti shoko yagwira wishiboni ya pamwamba, ndiye ya pansiyi ilibe sipuling'i yoikankha, mwayi wako. Uyambe ndi kapulasitiki kotchinga CV kali pa wishiboni yakaleyo, ukasunge, kabwerera pa yatsopano. Kenako bawuti yopana bolojointi pa habu. Imeneyi usangoimasula, uitulutse yonse, chifukwa ndodo ya bolojointi ili ndi kamphako komwe bawutiyo imadutsamo. Anthu ambiri amamenya mpaka thukuta bawuti ikadali m'kati. Ikatuluka, gogoda wishiboni cha pansi pang'onopang'ono, dzanja lina litatchinga labala ya CV. Labala imeneyo ikangobooka, mchenga ulowa, mwezi umodzi uyamba kumva kwatakwata pokhota. Pomaliza ndi mabawuti a ku chasisi.

A Mbewe (Hoedspruit): Pepani ndilowereko. Kuno ku loji timayendetsa ma Land Cruiser 79 onyamula alendo oona nyama, kutsogolo ndi ekiselo imodzi yokhala ndi ma radius arm, zitsulo zogwirizira ekiseloyo ku chasisi. Makaniko wathu amanenetsa kuti mabawuti a mabushi asamangidwe galimoto ili m'mwamba, imangidwe itatsitsidwa, kulemera kwake kuli pa matayala. Kodi pa ka Yamikanika n'chimodzimodzi?

Che Twaibu (Chinamwali): Funso labwino a Mbewe. Pa Cruiser ndi pa Hilux bushi ndi labala yomatirira ku chitsulo, siizungulira, imangopotoka. Mukamanga ili lende, potsitsa galimoto labalayo imakhala yopotoka kale, miyezi yochepa yang'ambika. Pa Hilux palinso mabawuti a kamu pa wishiboni ya pansi, osintha kapendamidwe ka tayala, amenewo muzilemba chizindikiro musanamasule. Pa Ranger mabushi ndi apulasitiki olimba, amazungulira pa kapaipi kachitsulo m'kati, ndiye sizivuta kwambiri. Komabe ine ndimamalizitsa kumanga galimoto ili pansi, chizolowezi chimenechi sichinandigwetsepo.

Loweruka, 9:15

Yamikani (Letsitele): Bambo Che Twaibu mulipo? Zonse zayenda monga munanenera, bolojointi yatuluka, habu ndaimanga ndi waya. Koma bawuti yakumbuyo ya ku chasisi yakana. Nati yachoka, bawuti ikuzungulira koma sikutuluka. Ndamenya mpaka nsonga yayamba kufutukuka.

Che Twaibu (Chinamwali): Leka kumenya! Nsonga ikafutukuka siidutsanso pabowo. Chachitika n'chakuti dzimbiri lagwirizanitsa bawuti ndi kapaipi ka m'kati mwa bushi, zikuzungulira limodzi. Pa famu ya madzi ndi fetereza zimenezi sizilephera. Bwezera nati mpaka ifanane ndi nsonga, thira Q20, mafuta opopera omasula dzimbiri, mbali zonse ziwiri, upite ukamwe tiyi. Ukabwera, zungulitsa uku ndi uku ndi sipanala kwinaku mnzako akugogoda pa natiyo. Moto usayerekeze, thanki ya petulo siili kutali ndipo mapulasitiki ali ponseponse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yamikani (Letsitele): Papita ola, ndathira katatu. Sikusuntha.

Che Twaibu (Chinamwali): Basi, idule. Wishiboniyo ndi yotaya kale, usaimvere chisoni. Tenga mpeni wa hakiso, ulowetse pa mpata wa pakati pa wishiboni ndi khutu la chasisi, udule bawuti mbali iyi, kenako mbali inayo. Chenjera ndi makutu a chasisiwo, amenewo ndiye osakhudza, ukawadya mabowo akula ndipo galimoto izigwedera mpaka kalekale. Bawuti yatsopano ikhale yakeyake kapena yolimba mofanana, uone nambala pa mutu pake. Ya pa geti kapena ya mu hadiweya yosalemba kanthu ayi.

Limbani (Grabouw): Aise, ukulunge kansalu ku mpeni wa hakisowo, apo ayi zala zithera pompo. Ine ndinadula yotere pa thirela ya maapozi, zinanditengera mphindi 40 mbali imodzi.

Loweruka, 14:30

Yamikani (Letsitele): Yaduka! Mwamwayi abwana anagula ndi mabawuti atsopano, anali pansi pa bokosi. Ndapaka girizi pa mabushi ndi pa tipaipi, wishiboni yalowa. Poyamba mabowo samakumana, ndiye ndinakweza habu pang'ono ndi jeke, bawuti n'kulowa ndi chala chokha. Nditaika yakale pambali pa yatsopano ndadabwa abale. Mabushi akalewo atha mpaka kuoneka ngati mphete ya pa chala, kapaipi kamodzi kadyeka mbali imodzi.

Che Twaibu (Chinamwali): Ngati galimoto imalira gwedegwede masiku onsewa, chifukwa chake ndi chimenecho. Chitsa changomalizitsa. Uwaonetse abwana mabushiwo m'manja, uwauze kuti a kumanzere ali chimodzimodzi, agule asinthidwe mwezi uno. Tsopano kumanga. Pa famu yotere torque wrench, sipanala yoyezera kulimba kwa bawuti, siilephera, ifunse. Manambala ake ali m'buku la galimotoyo, utsate amenewo, usatenge a m'mutu mwa munthu, ngakhale mwa ine. Manati okhala ndi pulasitiki m'kati aja akachoka sabwereranso, uike atsopano. Ngati pali manipo, timilomo topoperapo girizi, popa mpaka girizi woyera atulukire m'mbali. Ndipo wotsuka galimoto umuuze asamalozetse mpope wa madzi amphamvu pa mabushi, umachotsa girizi n'kulowetsa matope.

Chikondi (Israel): Usaiwale kuyeza matayala ndi chingwe. Mpweya ukhale wofanana, chiwongolero chilunjike, ukankhe galimoto kutsogolo ndi kumbuyo kuti ikhazikike. Kunga chingwe mbali iliyonse kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo pa msinkhu wa pakati pa tayala, uyeze kuchokera pa chingwe kufika pa rimu, kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake. Ma Polaris ambiri buku limati matayala akutsogolo atsegukire kunja pang'ono, mamilimita 3 mpaka 6, koma uone la yakoyo. Zikasiyana, ukonzere pa tayirodi.

Yamikani (Letsitele): Ndayeza, zili m'malire a m'buku, sindinakhudze tayirodi. Ndayenda pang'onopang'ono kuzungulira shedi, kenako mpaka ku damu ndi kubwerera. Chiwongolero chalunjika, mabuleki akugwira, kumanja kuli zii, kukulira ndi kumanzere kokha. Abwana ayendetsanso okha, abwera n'kundiuza kuti Lolemba ndione ka Ranger kachiwiri kali m'shedi. Bambo Che Twaibu, sindikudziwa ndikuthokozeni bwanji. Ndikutumizirani kangachepe pa Mukuru.

Che Twaibu (Chinamwali): Ndalamazo utumize kwa mayi ako ku Songani, ndinakumana nawo mumsika wa Zomba sabata yatha akufunsa mtengo wa malata. Iwe ukayenda masiku awiri atatu, ubwererenso pa mabawuti onse ndi manati a tayala, uone ngati alipo walekeza. Koma ngati ukufunadi kundithandiza, torque wrench yanga inafa chaka chatha, ndikumanga ndi dzanja ngati kale. Ukaipeza ya hafu inchi yotsika mtengo, ugule ndidzakubwezera.

Limbani (Grabouw): Ine ndikwera basi pa 12 Disembala, ndidzera ku Joni. Aise ukaigula uitumize kwa Mayi a Tadala, ndikaitenge kumeneko. Bambo, ndidzakupezani pa galaja pomwepo ndisanapitirire ku Domasi.

Mayi a Tadala (Randburg): Itumizeni, ndiisunga. A Limbani mudzanditengerenso kachikwama ka ana, kopita ku Matawale.