Ndalama za chaka chino: makina ofunditsa ana kapena thanki ya madzi?

Wapampando: Abale, Lamulungu ku Mayfair, kuno ku Joni, nkhani tinaisiyira panjira. Tinagwirizana kuti zomwe tasonkha zipite kuchipinda cha ana akhanda kuchipatala chakwathu ku Malawi. Ena akuti tigule makina ofunditsa ana obadwa masiku asanakwane, ena akuti thanki ndi pampu ya sola. Lankhulani.

Malume a ku Turffontein: Makina basi. Chinthu chooneka ndi maso. Tilembepo dzina la gulu, adziwe kuti a ku Joni sitinaiwale kwathu.

Namwino wathu: Malume, mundikhululukire, ndikutsutsani. Kuchipatala cha Tembisa kuno ku Joni, Novembala ndi Disembala 2019, ana 10 anamwalira ndi kachilombo ka Klebsiella. Chipinda cha mabedi 44 chinkagoneka ana pafupifupi 90. Kachilomboka kamayenda pa manja athu anamwino, pa timachubu todyetsera mwana, ngakhale m'masinki momwemo. Kakangolowa m'magazi a mwana wosakhwima, mankhwala opha tizilombo a penisilini ndi gentamicin nthawi zambiri sagwira, a ceftriaxone nawonso amalephera. Ndiye makina ofunditsa anawo mkati mwake ndi mofunda. Akapanda kupukutidwa bwino mwana wina asanalowemo, tawetera tizilombo khola.

Mayi a ku Kempton Park: Zoona achemwali. Mlamu wanga atabereka kumudzi, mpopi unauma masiku atatu. Ifeyo magadiyani tinkatunga kumjigo ndi ndowa, anamwino akusamba m'manja mubeseni limodzi, madzi omwewo kuyambira m'mawa. Mwana analeka kuyamwa, mimba inatupa. Anapulumuka, koma sindifuna kuzionanso zimenezija.

Malume a ku Turffontein: Nanga kuzizira? Chisanu cha Juni ku Dedza mwachiiwala inu?

Namwino wathu: Sindinachiiwale malume. Mwana amene akupuma bwino timamumangirira pachifuwa pa amake, khungu kukhudza khungu, njira ija amati kangaroo. Magetsi amathima, chifuwa cha mayi sichithima.

Msungichuma: Ine zanga ndi za mawa. Pampu ikadzafa akonza ndani? Sopo ndi mankhwala opaka m'manja aja amatha pamwezi. Ngati ndi thanki, tisiye kangachepe kogulira zimenezi, apo ayi thanki idzangoima ngati chipilala.

Wapampando: Achemwali, mawa muimbire anamwino aakulu akumeneko, atiuze okha chikuwapweteka. Tisawasankhire tili kuno.

Malume a ku Turffontein: Chabwino, aimbe. Koma ikakhala thanki, dzina lathu tililembe m'zilembo zikuluzikulu, lizioneka ngakhale uli pamsika.