Masiku 8, kombi ndi ngolo, Harare mpaka kunyanja: tidule pati?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi gulu la anthu 12 la banja limodzi la ku Highfield mu Harare, ana 4. Makolo awo anachokera ku Malawi, koma ambiri mwa iwo sanapondeko. Akufuna masiku 8 pa holide ya sukulu ya mu Ogasiti. Galimoto ndi kombi ya Quantum ya dizilo yokoka ngolo. Malo amene alemba ndi Blantyre, Mulanje, Zomba, Liwonde, Cape Maclear, Nkhata Bay, Lilongwe, komanso akufuna kuona Gule Wamkulu. Mawa ndiwapatse mtengo, koma ndikamaika malowa pa masiku, sakukwana.

a Phiri: Sangakwane, achemwali. Pa masiku 8 chotsani awiri a pamsewu, lopita ndi lobwerera. Otsala ndi 6, ndipo limodzi mwa amenewo lidyedwanso theka. Nkhata Bay ichoke lero lomwe, ili kumpoto kwenikweni ndipo ingakudyereni masiku awiri anthu ali chikhalire m'galimoto. Lilongwe nayonso ichoke. Musalowere ndi kutulukira chipata chimodzi. Lowerani pa Mwanza, tulukirani pa Dedza, kuti msewu wa m'Malawi musaubwereze.

Mtunda wake uli chonchi. Harare mpaka Nyamapanda, chipata cha Zimbabwe cholowera ku Mozambique, kudzera Murewa ndi Mutoko ndi makilomita pafupifupi 240. Cuchamano, mbali ya Mozambique ya chipata chomwecho, mpaka Tete kudzera Changara pafupifupi 145. Tete mpaka Zobue, mbali ya Mozambique ya chipata cha Mwanza, kudzera Moatize pafupifupi 120. Mwanza mpaka Blantyre pafupifupi 100. Zonse pamodzi zikungopitirira pang'ono 600. Koma musawerenge makilomita okha. Zipata ndi ziwiri, maofesi ndi anayi, ndipo anthu 14, kuphatikiza madalaivala awiri, aliyense adinditse pasipoti kanayi. Ikani maola 13 kapena 14. Nyamukani 4 koloko m'mawa kuti mufike pa Nyamapanda mabasi akuluakulu asanakhuthule anthu awo pamzere.

a Mwale: Pa mapepala ndiyepo ambiri amagwa. Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi ya galimoto yodutsira malire, imagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku Malawi, koma Mozambique sili mu COMESA. Inshuwalansi yawo mugule pa Cuchamano, ndipo muonetsetse kuti masiku ake akufika mpaka tsiku lobwerera, chifukwa m'dzikomo mudutsamo kawiri.

Chachiwiri, ngolo pamalamulo ndi galimoto payokha. Ikhale ndi buku lake, nambala yake, chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba, ndipo ilembedwe pa chilolezo cholowetsera galimoto kwakanthawi, chija timati TIP. Wolemba akaiwala ngolo pa Cuchamano, vuto mukalipeza pa Zobue mukutuluka, pamene wolembayo ali makilomita 260 kumbuyo. Werengani pepalalo musanachoke pawindo, nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi za m'buku. Ngati galimoto si ya dzina lanu, pakhale kalata ya mwini wake yodindidwa. Popeza mwanyamula anthu olipira, pakhalenso chilolezo chodutsa malire ndi mndandanda wa okwera wokhala ndi manambala a mapasipoti. Sindikizani makope 8, ofesi iliyonse imafuna lake.

M'galimoto mukhale matirayango awiri, jekete zonyezimira, chozimitsira moto, ndi sipeya ya ngolo. Matayala a ngolo ndi ang'ono, sapezeka wamba pakati pa Changara ndi Tete.

Nabanda: Za ana nanga? Awiri akupita ndi agogo awo, makolo atsala.

a Mwale: Aliyense akhale ndi pasipoti yake, chikalata chobadwira, ndi kalata yolumbira ya makolo onse awiri yololeza ulendowo, pamodzi ndi makope a ziphaso za makolowo. Muzione ndi maso anu sabata imodzi ulendo usanachitike, musangomva kuti "zilipo". Mwana mmodzi akabwezedwa pa Nyamapanda, ulendo wonse wathera pomwepo. Mapasipoti onse akhale ndi miyezi 6 yotsala. Okhala ndi pasipoti ya Zimbabwe safuna viza ku Mozambique kapena ku Malawi, koma funsani ngati m'gululo muli wina wa pasipoti ya dziko lakutali.

Nangozo: Ine ndilankhule za Mulanje, chifukwa ndikudziwa kuti adzakakamira. Phirilo ndi lokongoladi, Sapitwa ndi mamita 3,002, koma silionedwa pa zenera. Ngakhale kungoyenda kukafika pa mathithi a ku Likhubula ndi tsiku lathunthu kuchokera ku Blantyre, kupita ndi kubwera. Muli ndi agogo ndi ana. Zomba ikupatsani phiri lomwe galimoto imakwera mpaka pamwamba, ndipo ili panjira yanu kale. Auzeni mosabisa kuti Mulanje ndi ulendo wina.

Ndikanakonza motere. Tsiku loyamba mugone ku Blantyre. Lachiwiri m'mawa anthu adzuke mochedwa, aone tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinamalizidwa mu 1891, ndi Mandala House ya 1882, asinthe ndalama, kenako makilomita 65 kupita ku Zomba. Lachitatu m'mawa mukwere phiri, damu la Mulunguzi ndi Emperor's View, pomwe anaimapo Haile Selassie. Masana mutsikire ku Liwonde, makilomita 55 okha, mupeze boti la madzulo pa Shire. Lachinayi m'mawa kuona nyama, masana msewu wa Mangochi mpaka Cape Maclear, pafupifupi 150. Lachisanu lonse kunyanja, galimoto isalire n'komwe. Lachisanu ndi chimodzi Mua, kenako kukwera ku Dedza. Lachisanu ndi chiwiri Dedza mpaka Tete. Lomaliza Tete mpaka Harare.

a Phiri: Ndikugwirizana nazo, ndipo pali chifukwa china chozungulira mbali imeneyi osati inayo. Msewu wa Khwekhwelere, wochoka pa Golomoti kukwera ku Dedza, ndi wokhotakhota komanso wotsetsereka kwambiri. Mukalowera pa Dedza ndiye kuti muutsika ndi anthu 14 ndi ngolo yodzaza ikukankha kumbuyo. Ngolo zambiri zazing'onozi zilibe mabuleki akeake, katundu yense amagwera pa mabuleki a kombi, amatentha, mafuta a mabuleki amawira, phazi n'kungolowa pansi. Kukwera n'kwabwinoko. Giya yachiwiri, zimitsani choziziritsa m'galimoto, diso pa geji ya kutentha. Ikayamba kukwera imani pamalo otakasuka, injini izilira pang'onopang'ono, musatsegule rediyeta ikadali yotentha. Nyamukani pa Mua isanakwane 3 koloko kuti phirilo mulikwere kukuwala.

Ku Zomba ngolo isakwere. Isiyeni kumene mwagona m'tauni. Potsika gwiritsani giya yomwe munakwerera.

Madalaivala akhale awiri. Tsiku loyambalo si la munthu mmodzi.

a Nkhoma: Mafuta. Quantum yodzaza yokoka ngolo muiwerengere makilomita 8 pa lita, musadalire zimene imadya ikamayenda yokha m'tauni. Ulendo wa mayi Nangozowu ndi pafupifupi makilomita 1,700. Onjezani 200 a kuzungulirazungulira, akhala 1,900, ndiye malita 240. Thanki ndi ya malita 70. Dzazani ku Mutoko, dzazaninso ku Tete kapena Moatize mpaka pakamwa. Gawo la m'Malawi likupitirira 500, ndiye simungalimalize ndi dizilo wa ku Tete. Ku Malawi mafuta amatha kusowa nthawi zina, choncho dzazani ku Blantyre, ndipo paliponse pamene mwapeza dizilo wopanda mzere thirani, ngakhale geji ili pa theka. Pofika ku Mangochi mudzaze ndithu, chifukwa kuchoka apo malo omwetsera mafuta ndi otalikirana mpaka ku Dedza.

Ndalama ndi za mitundu itatu: madola, metikali ndi kwacha. Madola akhale ang'onoang'ono, osang'ambika. Metikali pang'ono ya malipiro a pamsewu ndi madzi akumwa. Kwacha musinthe ku banki kapena kumalo ovomerezeka, musunge malisiti. Anyamata osintha ndalama pakati pa Zobue ndi Mwanza muwaletseretu alendo anu. M'Mozambique mukalowa m'kamudzi kalikonse tsitsani liwiro mpaka 60, apolisi amaima ndi makina pamalo oterowo. Mukalakwa pemphani lisiti.

Nabanda: Pa mtengo, malipiro olowera ku Liwonde ndi kunyanja ndiwerengere ngati Amalawi? Agogowo anabadwira ku Ntcheu.

Nangozo: Ayi, mayi. Pageti amaona chiphaso, osati chilankhulo. Wa pasipoti ya Zimbabwe salipira mtengo wa nzika ngakhale atatchula mfunda wake ndi mudzi wa kwawo. Lemberani a African Parks, omwe akhala akuyang'anira Liwonde kuyambira 2015, akutumizireni mitengo ya chaka chino polemba. Chimodzimodzi malo ogona: mufunse ngati mtengowo ndi wa munthu kapena wa chipinda, ngati msonkho ulimo kale, ndiponso ngati madalaivala ali ndi pogona. Zitatu zimenezi n'zimene zimadya phindu. Pamwamba pa zonse ikani 10 pa 100 ya zadzidzidzi, ndipo pa pepala la mtengo mulembe tsiku limene mtengowo uthere.

Kunyanja mu Ogasiti kumawomba mwera. Boti lopita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna likhale la m'mawa, madzi asanayambe kuvuta, ndipo muwerenge jekete zoyandamitsa musanalipire, za ana zikhalepo za msinkhu wawo. Likodzo liliko, makamaka m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi ndi m'mabango momwe mumakhala nkhono. Asambire kuzilumba, ndipo akabwerera akayezetse pakatha milungu 6 mpaka 8. Za malungo apite kuchipatala asananyamuke. Harare ili pamtunda, ambiri okulira kuno matupi awo sanazolowere malungo a kuchigwa, ndiye aliyense wotentha thupi atabwerako anene kuchipatala kumene anali. Majuzi anyamulenso, Zomba ndi Dedza usiku kumazizira koopsa mwezi umenewu.

a Mwale: Za Gule ndiyankhe ine. Musawalonjeze kuti "tikaona panjira". Gule satuluka chifukwa kwabwera alendo, amatuluka pa maliro, pa ziliza, pa chinamwali, polonga ufumu. Malo oyenera gulu lotere ndi Mua. Mishoniyo inayamba mu 1902, ndipo Kungoni Centre anaiyambitsa bambo Claude Boucher mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndi zigoba za Gule mazanamazana, chilichonse ndi tanthauzo lake. Apatseni maola atatu, osati limodzi. Magule amafunika kupangana nawo pasadakhale, ndiye lembani tsopano, munene tsiku ndi chiwerengero cha anthu.

Muwalangizenso ana. Kuno anazolowera kumva anzawo akuti "zvigure" mwachipongwe. Kumudzi mukakumana ndi chilombo pamsewu, galimoto ichepetse liwiro, anthu apatuke, asaloze chala, asajambule asanapemphe, ndipo asafunse kuti mkatimo muli ndani. Kandalama kofupa kakhale pafupi.

a Phiri: Tsiku lachisanu ndi chiwiri likundidetsa nkhawa pang'ono. Dedza mpaka Tete kudzera Calomue ndi Ulongue ndi pafupifupi 270, kuphatikiza chipata. Mukaonjezapo zojambula za pamiyala za Chongoni, mufika ku Tete usiku, ndipo msewu umenewo si woyenda mumdima ndi ngolo.

Nangozo: Zitheka mukasankha malo amodzi. Chongoni ili ndi malo 127 ojambulidwa, ndipo UNESCO inailemba mu 2006, koma palibe amene amaona onse. Mwa malowo, Chencherere ndiye ili kufupi ndi boma la Dedza. Ngolo itsale, munyamuke 7 koloko ndi wokuperekezani wa komweko, pofika 10 mwabwerako, pofika 11 muli pachipata. Za ku Dedza Pottery agule dzulo lake madzulo, azikulunge m'zovala, zikwere m'kombi osati m'ngolo.

Nabanda: Zikomo kwambiri nonse. Ndachotsa Mulanje, Nkhata Bay ndi Lilongwe. Agogo apempha kuti apondeko ku Ntcheu. Ndiike pati?

a Nkhoma: Mukakwera Khwekhwelere mumatulukira pa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Funsani dzina la mudzi ndi mfumu yake. Ngati uli cha ku Lizulu, ndi pafupi, mukhotere kumanzere tsiku lachisanu ndi chimodzi lomwelo, koma munyamuke pa Mua 1 koloko. Ngati uli kupitirira boma la Ntcheu, Chencherere ichoke, m'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri upite kumudziko, ndipo abale muwadziwitse kuti pofika 10 koloko galimoto ikunyamuka, nsima aphike molawirira.