Kodi kusanja ma PKT kumafulumizitsa tosser?

node_ya_pi: Akuluakulu, ndithandizeni. BBS yanga (kompyuta imene anthu amalowamo kuwerenga ndi kusiya mauthenga) ili pa kakompyuta ka Raspberry Pi, makalata a FidoNet, netiweki yolumikiza ma BBS, ndimalandira pa binkp, njira yowatumizira pa intaneti. Netiweki itavuta masiku awiri ma packet (mafayilo a .PKT onyamula mauthenga) anaunjikana mu inbound, foda yofikira makalata, ndiye tosser, pulogalamu yogawa mauthengawo m'malo awo, inagwira ntchito mpaka tiyi wanga kuzizira. Ndikuganiza zolemba script yoti izisanja ma .PKT potsata deti ndi nthawi tosser isanawakhudze. Zingafulumize?

hub_wakale: Achimwene, script lembani ndithu, koma liwiro musayembekezere. Packet imodzi ili ngati thumba la katundu wa anthu ambiri: muli mauthenga a ma echo (magulu okambirana) osiyanasiyana, uliwonse ndi mzere wake wa AREA pamwamba. Tosser imatenga uthenga umodzi, kuona MSGID, chizindikiro chake, ngati si dupe (uthenga wobwera kawiri), kuulemba mu area yake, kukonza SEEN-BY ndi PATH (mizere yosonyeza kumene uthengawo wafika ndi kumene wadutsa), kenako kupangira ma downlink, ma BBS olandira kwa inu, makope awo. Kaya mwayamba ndi thumba la Lolemba kapena la Lachitatu, ntchito yake ndi yomweyo.

Kusanjako kumathandiza pena. Ma bundle, mafayilo opanikizidwa (monga ZIP) okhala ndi ma packet, amathera .MO0, .TU1, .FR0 malinga ndi tsiku. Akatengedwa motsata zilembo, FR imabwera MO isanafike, anthu anu n'kumawerenga yankho funso lisanaoneke. Izi zinkatikwiyitsa ngakhale kale lija, imelo ya ku Chancellor College ku Zomba ikudutsa pa Fidonet ndi modemu.

mayi_sysop: Funso lenileni palibe wafunsa. Message base yanu, mosungira mauthenga, ndi yamtundu wanji, nanga ili pa chiyani?

node_ya_pi: Ndi *.MSG amayi, pa SD card yomwe muli system.

mayi_sysop: Ndi pamenepotu! Mu *.MSG uthenga uliwonse ndi fayilo yakeyake: 2.MSG, 3.MSG, mpaka masauzande mu foda imodzi. SD card imadana ndi kulemba timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri chonchi. Sinthani ma echo apite ku JAM kapena Squish, mitundu ina ya message base. JAM imasunga area yonse m'mafayilo 4 okha, .JHR, .JDT, .JDX ndi .JLR, uthenga watsopano umangowonjezedwa kumapeto. *.MSG musiyire netmail, makalata a munthu ndi munthu. Muonenso dupe base, mndandanda umene tosser imazindikirira ma dupe, ngati simunaipungulepo chiyambire ikukulemetsaninso.

point_wa_joni: Ine foda yomasulira ma ZIP ndinaiika pa tmpfs, mu RAM. Imauluka.

hub_wakale: Imauluka inde, mpaka magetsi atathima pakati pa ntchito. Ngati tosser yanu imafufuta bundle ikangoimasula, zonse zimene zinali mu RAM zapita, ndipo uplink, amene amakutumizirani makalata, akudziwa kuti anapereka kale. Mudzachita kupempha %RESCAN ku AreaFix, pulogalamu ya uplink yolandira zopempha, kuti akutumizireninso. Popanda UPS, batire yogwirizira magetsi akathima, musayerekeze achimwene.

node_ya_pi: Ndabwera ndi zotsatira. Ndinakopera inbound ya tsiku lija, n'kuyesa ndi lamulo la time loyeza nthawi, base ndi ma dupe ndikuzibwezera mwakale ulendo uliwonse. Osanja ndi osasanja, kusiyana kwake sindinakuone n'komwe. Nditasamutsira ma echo ku JAM pa SSD ya pa USB, tosser inamaliza madzi a tiyi asanawire. Script ndaisiyabe chifukwa cha nkhani ya mayankho otsogola ija.

mayi_sysop: Ingoonetsetsani kuti ikuwerenga deti la m'mutu wa packet, osati la fayilo. Mukakopera ndi cp popanda -p, mafayilo onse amaoneka ngati abadwa lero.