Bondo la Ronaldo Nazário linaonongeka bwanji ku Inter, ndipo anabwerera motani mu 2002?

Kamtedza_09:
Akuluakulu a mpira, ndithandizeni. Ndikunena Ronaldo wa ku Brazil, osati Cristiano. Anthu amati anavulala kawiri bondo limodzimodzi ali ku Inter Milan, nakhala pafupifupi zaka ziwiri osasewera, koma atangobwerera anamwetsa zigoli 8 pa World Cup. Chinaduka n'chiyani m'bondomo? Nanga kuvulala kwachiwiriko linali tsoka chabe kapena anamufulumizitsa?

Bambo_a_Tadala:
Achimwene, chinaduka ndi mtsempha wolimba umene umachoka pansi pa mbale ya bondo n'kukagwira fupa la msongolo. Madokotala amautcha patellar tendon. Minofu yakutsogolo kwa ntchafu ikakoka, mphamvu yonse imadutsa pa mbaleyo kenako pa mtsemphawu, ndipo mwendo umaongoka. Ukaduka wonse munthu sangathe kuongola mwendo payekha, ndipo mbale ya bondo imakwera m'mwamba chifukwa palibenso choigwira kumunsi.

Pa 21 Novembala 1999, Inter ikusewera ndi Lecce, mtsempha wa bondo lakumanja unang'ambika koma sunadukiretu. Anamuchita opaleshoni ku Paris, ndipo dokotala wake anali Gérard Saillant wa pachipatala cha Pitié-Salpêtrière. Anabwerera pa 12 Epulo 2000, pa masewero oyamba a fainolo ya Coppa Italia ndi Lazio mumzinda wa Rome. Analowa chigawo chachiwiri. Patangotha mphindi pafupifupi 6 anatenga mpira nalunjika kwa otchinga kumbuyo, n'kuyamba njomba yake ija yodumphitsa mwendo pamwamba pa mpira. Ataponda ndi mwendo wakumanja kuti akhote, bondo linagonja popanda womugunda. Ulendo uno mtsempha unadukiratu, ndipo Saillant yemweyo anamuchitanso opaleshoni.

Muone pamene unadukira: sikunali pothamanga molunjika, kunali popondetsa mwamphamvu kuti aime n'kusintha njira. Pamenepo minofu ya ntchafu imakhala ikukoka pomwe bondo likupindika, ndipo mtsempha umasenza katundu woposa kulemera kwa munthuyo kangapo. Kasewero konse ka Ronaldo kanali komweko: liwiro, kuima mwadzidzidzi, kukhota, liwironso.

Namaseko:
Bambo a Tadala afotokoza bwino, koma nkhaniyi siinayambire ku Italy. Ronaldo anachoka ku Cruzeiro kupita ku PSV Eindhoven mu 1994 ali ndi zaka 17, namwetsa zigoli 30 mu ligi chaka choyamba. Chaka chachiwiri bondo lomwelo linamuvuta mpaka anamuchita opaleshoni mu 1996. Kenako taonani ntchito imene analisenzetsa: ku Barcelona, pansi pa Bobby Robson, masewero 49 ndi zigoli 47 m'chaka chimodzi, Copa América ya 1997, chaka choyamba ku Inter, pamene anatenga UEFA Cup pogonjetsa Lazio 3-0, World Cup ya 1998, kumene anasewera bondo likupweteka, Copa América ina mu 1999. Mtsempha woterewu nthawi zambiri suduka uli wabwinobwino. Umayamba kuperepeseka pang'onopang'ono, wosewera n'kumangomwa mankhwala opha ululu.

Za kumufulumizitsazo, ine ndimati eya. Kuchoka kumapeto kwa Novembala kufika pa 12 Epulo sipakwana miyezi 5. Mtsempha uli ndi magazi ochepa poyerekeza ndi mnofu, choncho umachira mochedwa. Ululu umatha msanga, wosewera amathamanga bwino pa zokonzekera, koma pamene panang'ambikapo pamakhala pasanakhwime. Zokonzekera sizifanana ndi fainolo.

Bambo_a_Tadala:
Mayi Namaseko, pamenepo tisaweruze kwambiri. Madokotala anamuyeza n'kumulola. Komanso Nilton Petrone, amene ankamuthandiza mafizo, anafotokozapo kuti ngalande ya fupa la ntchafu momwe mbale ya bondo imayendamo inali yosazama mokwanira mwachibadwa. Zikatero mbale imagwedera ndipo mtsempha umakokedwa mopotoka tsiku ndi tsiku. Umboni wake ndi uwu: pa 13 Febuluwale 2008, ali ku AC Milan, akusewera ndi Livorno, mtsempha womwewo unaduka ku bondo lakumanzere podumphira mpira. Kumeneko kunalibe opaleshoni yapafupi yoti tinene kuti anamufulumizitsa.

Mphunzitsi_Gomani:
Ndiyankhe mbali ya kubwerera, poti ndi imene anthu amaikometsera kwambiri.

Opaleshoni ya mtundu uwu imakhala yosokerera mtsempha ku mbale ya bondo, nthawi zambiri pobowola timabowo pafupapo n'kupisamo ulusi wolimba. Mwendo umakhala m'chomangira milungu ingapo uli woongoka. Vuto limabwera pambuyo pake: bondo limauma n'kukana kupindika, ndipo ntchafu imaphwa. Ukalipinda msanga ulusi umalekana, ukachedwa limaumiratu. Ntchito imayenda mwadongosolo, kupinda pang'onopang'ono, kuyenda m'madzi, njinga, zitsulo, kuthamanga molunjika, ndipo kukhota ndi mpira kumabwera pomaliza penipeni. Ronaldo sanasewere ngakhale kamodzi mu sizoni ya 2000-01. Anaonekanso mu Seputembala 2001, koma minofu ya ntchafu inkangokokeka, zomwe zimachitika kawirikawiri kwa munthu amene wakhala nthawi yaitali chonchi. Mu Serie A ya 2001-02 anasewera masewero 10 okha, zigoli 7. Pa 5 Meyi 2002 Inter ya Héctor Cúper inagonja 4-2 kwa Lazio tsiku lomaliza n'kutaya ligi, iye akulira pa benchi.

Mphunzitsi wa timu ya Brazil, Luiz Felipe Scolari, anamutengabe ku World Cup, akusiya Romário amene anthu a ku Brazil ankamulirira. Tsono onerani zigoli 8 zija chimodzichimodzi: Turkey 1, China 1, Costa Rica 2, Belgium 1, Turkey kachiwiri mu semifainolo 1, Germany 2. England yokha ndi imene sanaigoletse. Palibe n'chimodzi chomwe chofanana ndi chimene anagoletsa timu ya Compostela ali ku Barcelona mu 1996, chija anachokera pakati pa bwalo akukokedwa malaya. Za 2002 zinali za m'bokosi ndi m'mphepete mwake. Cha semifainolo anangotosa ndi nsonga ya jombo goloboyi asanakonzeke, kamenyedwe ka ku futsal, mpira wa pabwalo laling'ono, komwe anakulira. Mu fainolo ku Yokohama pa 30 Juni, choyamba anamalizitsa mpira wa Rivaldo umene Oliver Kahn anaulavula, ngakhale kuti anaulanda yekha kwa Dietmar Hamann poyambirira. Chachiwiri Kléberson anadutsitsa, Rivaldo anaulekerera kudutsa, iye anaugwira kamodzi n'kuuika pakona yapansi.

Scolari anamupatsa Rivaldo ndi Ronaldinho kumbuyo kwake, Cafu ndi Roberto Carlos m'mbali, kuti asamachite kubwerera kudzatenga mpira pakati. Kuthamanga kwa mtunda wautali kunasanduka kwa mtunda waufupi.

Namaseko:
Ndipo Ronaldo wachiwiriyu si wonyozeka ayi. Ku Real Madrid anagoletsa katatu pa Old Trafford mu Epulo 2003, natenga Pichichi, mphoto ya womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya ku Spain, mu 2003-04 ndi zigoli 24. Mu 2006 anafika zigoli 15 za World Cup pogoletsa Ghana, mpaka Miroslav Klose anadzamupitirira mu 2014. Ngakhale bondo lakumanzere litaduka, anakatengabe Copa do Brasil ndi Corinthians mu 2009. Posiya mpira mu Febuluwale 2011 anatchula ululu wosatha komanso vuto la chithokomiro limene anati linkamunenepetsa.

Kamtedza_09:
Zikomo akulu. Nanga Champions League ya 2007 ija imene AC Milan inatenga, amamuwerengera?

Mphunzitsi_Gomani:
Ayi. Anafika ku Milan mu Januwale 2007 atasewerako kale mpikisanowo ndi Real Madrid sizoni yomweyo, ndipo malamulo a nthawiyo sankalola kusewerera matimu awiri. Champions League sanaitengepo ndi timu iliyonse.